Mkeka Nawonso Ndi Zokolola

Pamisonkhano ya bungwe lathu timatha tsiku lonse tikukambirana za mtengo wa fetereza, za masikelo obera a mavenda, za fodya wobwezedwa ku okushoni ndi za msika wa soya. Zonsezi n'zofunika. Koma tayang'anani chimene amayi amakhalira pansi pa mtengo wa msonkhanowo. Ndi mphasa. Chimanga chimene timakanganira mtengo wake chimachoka kumunda m'dengu, chimapetedwa ndi lichero, ndipo kwa ena a ife chimagona m'nkhokwe ya nsungwi. Oluka zinthu zimenezi ndi mamembala anzathu, olipira ndalama ya umembala ngati wina aliyense, koma ntchito ya manja awo sipezeka pa mndandanda wa zokambirana.

Alimi anzanga, mkeka, dengu, mtsuko, mpando woluka ndi utoto wochokera ku mitengo ndi zokolola. Zimachokera m'nthaka yomweyi, zimatuluka ndi thukuta la mlimi yemweyu, ndipo zimaberedwa pamsika mmene chimanga chimaberedwera. Bungwe limene limati likumenyera ufulu wa mlimi koma n'kusiya zimenezi kunja, likumumenyera miyezi isanu ndi umodzi yokha pachaka.

Ndalama ya m'chilimwe

Tikakolola mu Epulo ndi Meyi, mvula yodzalira imabwera cha mu Novembala kapena Disembala. Amene alibe dimba amatani miyezi yonseyi? Ku Salima, ku Mangochi ndi ku Chigwa cha Shire amadula mlaza wa migwalangwa n'kuluka mikeka, zipewa ndi zikwama. M'mbali mwa madambo amadula bango n'kusoka mphasa. Kumene kuli nsungwi amaluka madengu, malichero ndi mipando. Kumene kuli dongo labwino amayi amaumba miphika, mitsuko ndi mbaula. Ndalama imeneyi ndiyo imagula mchere ndi sopo, imalipira kuchigayo, imaombola fetereza wotsika mtengo, ndipo imaletsa banja kugulitsa chimanga chake motaya mwezi wokolola.

Onaninso kuti amisiri ambiri ndani. Ndi agogo amene khasu lawalemera, amayi amasiye, anthu olumala, ndi mabanja amene munda wawo unachepa pogawana. Mkeka sufuna kuponi, sufuna ngongole, ndipo ng'amba ikawotcha chimanga mlaza umakhalapobe.

Pamene ndinali mlangizi, mafomu athu anali ndi malo olembapo maekala a chimanga, chiwerengero cha mbuzi ndi nkhuku, ngakhalenso mitengo ya zipatso. Malo olembapo mikeka panalibe. Chosalembedwa sichiwerengedwa, ndipo chosawerengedwa sichikhala mu bajeti. Mphwayi zonse zimayambira pamenepo.

Luso limafa

Ena amati luso la makolo silingathe. Afunseni kumene kuli anthu owomba nsalu a ku Chikwawa ndi Nsanje. David Livingstone atadutsa m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo. Thonje linali la mitundu yodziwika ndi mayina, thonje manga ndi thonje kaja. Nsalu zawo, zotchedwa machila, zinkagulitsidwa mpaka m'mbali mwa Zambezi. Nkhondo za ukapolo, njala ya 1862 ndi 1863, kenako nsalu zotchipa za m'mafakitale akunja zinathetsa ntchitoyo. Atsamunda anafuna thonje losapota loti lipite kwawo, ndipo ife tinasanduka ongolima.

Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, ndipo boma linaigulitsa mu 2003. Mlimi wa thonje wa ku Balaka amagulitsa thonje lake pakilo, gawo lalikulu limatuluka m'dziko losawombedwa, ndipo iye amavala kaunjika. Mkazi wake amavala chitenje chimene nthawi zambiri chimachokera kunja. Luso lonse la pakati pa munda ndi nsalu linatisiya. Madzi akatayika saoleka. Nyanda, nsalu ya khungwa la mombo imene makolo ankavala, inapitanso momwemo, pamene anzathu a ku Uganda anasunga yawo ya mtengo wa mutuba mpaka bungwe la UNESCO linailemekeza mu 2005, chaka chomwe linalemekeza Gule Wamkulu.

Mlaza, bango ndi nsungwi zikadali m'manja mwathu. Funso n'lakuti kodi tidikira kuti nazonso zikhale nthano?

Amene akudya thukuta la mmisiri

Woyamba ndi venda. Amafika pamudzi mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi imene m'nyumba mulibe ufa, n'kutchula mtengo wake. Mayi amene wakhala masiku angapo akudula, kuyanika, kung'amba ndi kuluka alibe mphamvu yokana. Mipando yoluka ya kwathu kuno imagulitsidwa m'masitolo a ku Johannesburg, Cape Town ndi ku Ulaya, ndipo dzina limene ogula amaidziwira ndi la dziko lathu, Malawi. Dzina la woluka palibe, la mudzi wake palibe, ndipo pa ndalama yonse ya mpandowo iye ndiye amalandira zochepa kuposa aliyense amene waugwira.

Wachiwiri ndi ife tomwe, pamene tikuwononga zipangizo. Madambo tikulima mpaka m'madzi. Bango timalitentha posaka mbewa. Migwalangwa imauma thunthu chifukwa chogoma uchema mosasamala. Nsungwi tikudula osabzala. Woluka amene kale ankadula kuseri kwa mudzi tsopano amayenda ulendo wautali, kapena amagula zipangizo kwa venda yemwe uja.

Wachitatu ndi kunyoza zathu. Beseni lapulasitiki lalanda malo a dengu, jumbo yalanda malo a chikwama cha mlaza. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60, mu 2015. Makampani anathamangira kukhoti, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi boma mu 2019. Makampaniwo anali ndi maloya owalankhulira zaka zonsezo. Oluka zikwama, amene akanayenera kupindula ndi lamulolo, anawalankhulira ndani?

Utoto uli m'munda mwanu

Oluka ambiri masiku ano amagula utoto wa m'mapaketi kugolosale. Uwu ndi fetereza wina: ndalama ikutuluka m'thumba mkeka usanagulitsidwe, ndipo mtengo wake umakwera Kwacha ikagwa. Chonsecho utoto ulipo pakhomo. Makoko a anyezi amapereka mtundu wachikasu. Nthanga ndi makoko a mapeyala zimapereka kufiirira kozizira. Masamba a bulugama amapereka mtundu wa dothi. Makungwa ambiri owawa akawiritsidwa amadetsa ulusi, ndipo ukauviika m'matope akuda a kudambo umada bii, chifukwa chitsulo cha m'matopemo chimagwirana ndi madzi a khungwalo. Ku Mali amapanga nsalu yawo yotchuka ya bogolan mwa njira yomweyi, ndi masamba ndi matope a mumtsinje, ndipo imagulidwa m'maiko akutali. Ku Kano, m'dziko la Nigeria, akhala akunyika nsalu m'maenje a utoto wa buluu kwa zaka mazanamazana. Chomera chake, indigo, ndi cha m'gulu la nyemba, gulu lomwe alangizi amatiuza kuti limabwezeretsa chonde m'nthaka.

Wina anena kuti utoto wa m'paketi ndi wowala ndiponso wachangu, ndipo ogula a pamsika wa pamudzi amaukonda. N'zoona, ndipo palibe amene akuti uletsedwe. Koma ogula amene amalipira bwino, eni mahotela ndi malo ogona alendo kunyanja ndiponso ogula akunja, amafuna mitundu ya chilengedwe. Msika umenewo tikuusiyira ena.

Wina anenanso kuti tikayamba kusenda makungwa timaliza mitengo. Ameneyu ndiye wanena mawu ofunika, ndipo yankho lake lili ku Botswana. Kumeneko, m'midzi ya Etsha pafupi ndi Okavango, munakhazikika Ahambukushu othawa nkhondo ku Angola kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Amayi awo anali akatswiri oluka madengu ndi mlaza, umene kumeneko amautcha mokola, n'kumaunyika m'madzi a makungwa ndi mizu. Kampani ya Botswanacraft, yokhazikitsidwa mu 1970, inayamba kugula madenguwo ndi kuwapezera misika kunja, ndipo ndalama zinalowa m'midzi imene inalibe ntchito ina. Koma pofika m'zaka za m'ma 1980 mlaza ndi mitengo ya utoto zinayamba kusowa pafupi ndi midzi, chifukwa anthu ankadula mowononga, mpaka anayamba kubzala migwalangwa m'minda yotchingidwa. Msika wabwino umatukula mudzi, koma ukabwera anthu asanabzale umadya tchire lonse. Ndiye chifukwa chake nkhaniyi ndi ya alimi. Amalonda amadziwa kugula. Kubzala, kusamala ndi kukolola mosiya mbewu timadziwa ndife.

Zimene tikufuna

Choyamba, kalabu iliyonse ilembe amisiri ake: mayina, zimene amapanga, ndi kumene amatenga zipangizo. Mndandanda umenewu ufike ku likulu la bungwe pamodzi ndi wa maekala a mbewu.

Chachiwiri, tigulitse pagulu. Chaka ndi chaka boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Ifenso m'makalabu tigwirizane mtengo woyambira wa mkeka, dengu ndi mpando, powerengera masiku a ntchito ndi ulendo wokatenga zipangizo. Tisankhe magiredi monga timachitira ndi fodya. Katundu asungidwe m'nyumba ya kalabu, ndipo gulu la banki m'khonde libwereke mmisiri ndalama m'miyezi ya njala kuti asagulitse motaya. Chilichonse chituluke ndi kachikwangwani ka dzina la mudzi. Lamulo la makopaletivi la 1998 silinena kuti kopaletivi ndi ya mbewu zokha.

Chachitatu, mafumu ndi makomiti osamalira zachilengedwe apatule malo a bango ndi migwalangwa. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zake ndi malamulo ake. M'malamulowo mulembedwe kuti khungwa silisendedwa kuzungulira mtengo, mlaza sudulidwa wonse pachitsa chimodzi, ndipo wotentha dambo alipire chindapusa. M'nazale zathu mukhale nsungwi ndi mitengo ya utoto, zobzalidwa m'malire a minda ndi m'mphepete mwa mitsinje, kumene zidzagwiranso nthaka.

Chachinayi, tigule zathu. Bungwe lisiye kugawa zikwama zapulasitiki pamisonkhano yake. Makhonsolo apatse amisiri malo okhala ndi denga m'misika. Pachionetsero cha zaulimi pakhale mphoto ya woluka ndi woumba, yofanana ndi ya mlimi wa chimanga. Ndondomeko ya mudzi umodzi chinthu chimodzi, OVOP, inayamba m'dziko muno mu 2003, choncho boma silinganene kuti ganizoli ndi lachilendo.

Chachisanu, akuluakulu odziwa luso aphunzitse achinyamata, ndipo alipidwe monga amalipidwira aliyense wophunzitsa pasemina. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a Kungoni akhala akuphunzitsa osema kuyambira 1976, ndipo anaonetsa kuti luso likapatsidwa nyumba limadyetsa mabanja. Gogo wodziwa khungwa lopereka kufiira akamwalira osaphunzitsa wina, chidziwitsocho chapita naye kumanda.

Atsogoleri athu ena adzati bungwe lili kale ndi ntchito zambiri. Tiwakumbutse kuti bungwe ndi la mamembala, ndipo mamembala amadya miyezi khumi ndi iwiri. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pamsonkhano wa kalabu wa mwezi uno, mayi kapena bambo aliyense woluka, woumba kapena wosema abwere ndi chimodzi mwa zopanga zake, achiike patsogolo pa wapampando, ndipo apemphe mlembi alembe nkhaniyi m'buku. Makalabu akalemba ochuluka, msonkhano waukulu wa pachaka sudzatha kuilumpha.