Mabotolo osweka pafensi? Bzalani marozi oyanga

Abale athu a m'tauni, mukamanga nyumba kuno ku Chitedze mumathamangira kusomeka mabotolo osweka pamwamba pa fensi. Wakuba amangoyalapo chiguduli n'kudumpha. Wochekeka ndi mwana wotsatira mpira wake. Ndiye mwateteza chani?

Bzalani marozi oyanga, minga igwire ntchito. Zoti "kuno sachita" ndi bodza, vuto ndi kabzalidwe kanu. Mumabzala mogunda khoma, pouma, podzaza zibuma ndi simenti. Talikirani masentimita 45, thirani manyowa owolerana, tchingirani mbuzi.

Komanso rozi si chitedze chimene chimadzikulunga chokha pamtengo. Kokani waya pakhoma, nthambi zikuluzikulu muzigoneke mopingasa, mumange ndi luzi mosathinitsa. Nthambi yoimirira imachita maluwa kunsonga kokha, pansi mbee! Yogonekedwa imaphukira ponseponse.

Nanunso aneba, lekani kusadza ndi chikwanje ngati mukusosa m'munda. Mu Julaye, kukuzizira, chotsani zouma ndi zokalamba, tinthambi tam'mbali mufupikitse, basi.

Akuti maluwa sadyedwa. Nanga mabotolowo mumadyera nsima?