Mpunga kapena nzimbe? Funsani kaye musanasaine

Mukapita ku chionetsero cha zaulimi pa bwalo la Trade Fair ku Chichiri, mudzaona kuti mpunga wa Kilombero ndi Faya susowa ogula. Mumsika wa Limbe namonso umayenda malonda. Nanga n'chifukwa chiyani alimi anzanu ena kuchigwa cha Shire ndi ku Dwangwa anasiya mpunga n'kudzala nzimbe?

Chachikulu ndi msika. Inu wa mpunga mukakolola mumadikira venda, amene amabwera ndi sikelo yake ndi mtengo wake, nthawi yomwe aliyense pamudzi ali ndi mpunga ndipo mwana akudikira fizi. Mlimi wa nzimbe amadziwiratu kuti zake zipita ku fakitale ya Illovo ku Nchalo kapena ku Dwangwa. Mathirakitala, feteleza ndi mthirira zimabwera pangongole. Nzimbe mukadula zimaphukanso kwa zaka zingapo, pamene mpunga chaka ndi chaka ndi kufesa, kuwokera, kupalira ndi kuingitsa mbalame dzuwa lonse. Amene anaswerapo m'matope sangamuweruze mnzake wothawa ntchito imeneyi.

Koma taonani za ku Kasinthula m'boma la Chikwawa. Malowa kale anali sikimu ya mpunga, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anasanduka munda wa nzimbe wa alimi ang'onoang'ono. Ngongole yokonzera mindayo inali ya ndalama zakunja. Kwacha itagwa, ngongoleyo inatupa, ndipo kwa zaka zambiri alimi ankadulidwa pa zomwe apeza. Musaiwale kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti.

Nzimbe sizisungika. Zikadulidwa ziyenera kufika kufakitale msanga, apo ayi shuga wake amachepa, chonsecho malipiro amawerengera shuga yemweyo. Mtengo ukakhala wosakoma mulibe kwina kozitengera. Mpunga mungathe kuusunga mpaka mtengo utakwera mu Januwale, ndipo njala ikafika mumaphika womwewo. Ndiponso munda wanu ukaphatikizidwa ndi ya anzanu, kuutulutsa m'gulumo si nkhani yapafupi.

Sikuti nzimbe ndi zoipa ayi. Kopaletivi ya Phata ku Chikwawa komweko, yomwe inayamba mu 2011, inasiyako malo ena olimapo chakudya, ndipo mamembala amagawana phindu. Pamene ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikumangidwa, alimi ambiri akuchigwa afunsidwa kuphatikiza minda chonchi.

Akabwera ndi mapepala, afunseni kuti ngongoleyo ndi ya makwacha kapena madola, itha liti, ndipo adzadula zingati pa tani iliyonse. Afunseninso dzina limene lidzalembedwe pa malowo, makamaka ngati mundawo ndi wa mayi a pakhomopo. Mapepalawo pitani nawo kwa mlangizi wa m'dera lanu akuwerengereni, ndipo sungani kope lanu kunyumba.