Dzuwa la Okutobala silimva za kulimba mtima

Mpikisano wa Porters Race wa paphiri la Mulanje umachitika mu Julayi, ndipo amene anasankha mwezi umenewu ankalidziwa bwino phirili. Julayi ndi nyengo yozizira. Othamanga amanyamuka pa Likhubula m'mawa, n'kukwera ku Chambe, kudutsa pamwamba mpaka ku Lichenya, kenako kutsetsereka kubwerera pa Likhubula pomwepo. Ndi ulendo wa makilomita oposa 20, wokhala ndi chitunda choti mlendo wosazolowera amakwera theka la tsiku, koma akatswiri amaumaliza wonse m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Mpikisanowu unayamba ngati wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi operekeza alendo m'phirimo, ndipo lero ndi wa aliyense, amuna ndi akazi omwe.

Koma miyendo siidikira Julayi. Magulu a anthu okonda kuthamanga m'mapiri amakumana Loweruka lililonse chaka chonse, ena ku Michiru, ku Soche ndi ku Ndirande, ena ku Zomba, ena ku Mulanje komweko. Ndime ya sabata ino ikupita kwa iwowa, makamaka atsogoleri awo, chifukwa pali khalidwe lina limene likundidetsa nkhawa. Makalabu ambiri amathamanga mu Okutobala ndi Novembala monga momwe amathamangira mu Julayi: nthawi yonyamukira yomweyo, mtunda womwewo, liwiro lomwelo. Wina akayamba kudzandira amauzidwa kuti alimbe mtima, ndipo amene wafika pamwamba milomo itauma gwaa amaomberedwa m'manja. Ine ndikuti uku si kukonzekera mpikisano. Kutentha sikugonja kwa munthu wouma mutu, kumagonja kwa kalabu imene ili ndi dongosolo.

Munthu akamathamanga, mphamvu zambiri zimene minofu imatulutsa, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, zimasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Thupi limatumiza magazi kukhungu n'kutulutsa thukuta, ndipo thukutalo likamauma ndiye munthu amazizira. Vuto ndi loti magazi omwewo akufunidwanso ndi miyendo. Mtima umayamba kugunda mofulumira kuti ukwaniritse mbali zonse ziwiri, pamene madzi m'magazimo akuchepa chifukwa wothamanga amatha kutaya lita imodzi kapena awiri a thukuta pa ola limodzi lokha. N'chifukwa chake liwiro limene mu Julayi munkathamanga mukucheza ndi mnzanu, mu Okutobala limakusiyani muli wefuwefu. Simunafooke ayi. Mtima wanu ukugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi.

Phiri limawonjezera zake. Pamsewu wathyathyathya munthu wothamanga amadzipangira kamphepo ndi liwiro lake, koma pachitunda liwiro limatsika pamene ntchito ya minofu ikukwera, ndiye kamphepo kaja kamasowa. Miyala ya phiri la Mulanje ikamwa dzuwa imabweza kutentha kumaso. Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala komanso nkhwangwa za odula mitengo zachotsa mthunzi m'njira zambiri, ndipo mitsinje ing'onoing'ono imene munthu ankadalira imakhala itaphwa. Novembala ndiye woopsa mwakachetechete, chifukwa mvula ikamayandikira mpweya umadzaza chinyontho, thukuta limangoyenderera osauma, ndipo thukuta losauma siliziziritsa munthu. Zimenezi zinaonekera poyera ku Doha mu 2019, pa mpikisano wa dziko lonse lapansi. Okonza anaika marathon ya amayi pakati pa usiku pothawa dzuwa, koma kutentha ndi chinyontho zinalipobe, ndipo mwa akatswiri 68 amene ananyamuka, 28 sanafike kumapeto.

Tsono chitunda cha m'chilimwe chikweredwe bwanji? Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anyamata ambiri. Kwa iwo kuyenda pampikisano wothamanga ndi manyazi. Amathamanga chitunda chonse ndi timasitepe tating'ono, mutu uli pansi, kuopa kuti anzawo angawaseke. Koma malo akatsetsereka kwambiri, kuyenda mwamphamvu manja ali pamaondo kumadya mphamvu zochepa kusiyana ndi kuthamanga pa liwiro lomwelo, ndipo mphamvu zochepa ndiye kuti kutenthanso kochepa m'thupi. Onerani Kilian Jornet wa ku Spain, amene ambiri amamutenga kuti ndi katswiri woposa onse pamasewerawa: pamalo oimirira amayenda, ndipo sapepesa kwa munthu. Onyamula katundu a ku Mulanje nawo amachidziwa chinsinsichi. Sayamba ndi phuma, amagwira mayendedwe amodzi osasintha, ndipo amafika pamwamba akadali ndi mpweya wolankhulira.

Palinso chifukwa china chodekhera kumunsi. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Kutanthauza kuti kunsi kwa phiri, kumene miyendo ili yatsopano ndipo mtima ukufuna kuonetsa mphamvu, ndi kumenenso kukutentha kwambiri. Amene wapsa mu ola loyamba sapezanso bwino ngakhale afike pamwamba pozizira, chifukwa thupi likatentha mkati limatenga nthawi kuti libwerere. Amene wadziletsa kumunsi amafika pamwamba ali ndi miyendo, ndipo ndi pamenepo, pamalo oyalana apakati pa Chambe ndi Lichenya, pamene liwiro lili ndi malipiro. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo paphiri lotentha mawuwa ndi malangizo enieni a kaseweredwe.

Nkhani ya Jim Walmsley wa ku America imandiphunzitsa zambiri pamfundoyi. Mpikisano wa Western States ku California ndi wa makilomita 161, umachitika kumapeto kwa Juni, ndipo pakati pake pali zigwa zakuya zotentha koopsa. Mu 2016 Walmsley anatsogola ndi liwiro lodabwitsa mpaka anasochera njira kutatsala pang'ono kumaliza. Mu 2017 ananyamukanso ndi moto, koma thupi linakana, m'mimba munavuta, ndipo anasiyira panjira. Mu 2018, chaka chimene kunatenthanso kwambiri, anapambana n'kuphwanya mbiri ya nthawi, ndipo mu 2019 anaitsitsanso kufika pa maola 14 ndi mphindi 9. Liwiro anali nalo kuyambira kale. Chimene chinachedwa kubwera ndi nzeru yoligawa bwino padzuwa. Ndipo sanali yekha: ankakonzekera ndi gulu la anzake a ku Flagstaff lotchedwa Coconino Cowboys, akutsika ndi kukwera mu Grand Canyon, momwe kunsi kumatentha kuposa kumtunda. Pampikisano wa Western States othamanga amamanga ayezi m'nsalu pakhosi, amathira madzi pamutu pamalo alionse opumira, ndipo akafika pamtsinje sadutsa osadzinyowetsa.

Ena adzati ife tinabadwira m'dzuwa, za kuzolowera kutentha ndi za azungu. Zoona, mlimi wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa amene amagwira khasu kutentha kukuposa madigiri 40 thupi lake linazolowera. Koma mamembala ambiri a makalabuwa si alimi a kuchigwa. Ndi anthu a mu ofesi, a m'masitolo ndi a m'makoleji, amene sabata yonse amakhala pamthunzi, n'kudzakumana ndi dzuwa Loweruka lokha. Thupi silizolowera kutentha chifukwa cha dziko limene munthu anabadwira. Limazolowera pogwira ntchito m'kutenthamo pang'onopang'ono, masiku otsatizana, ndipo zimatenga masiku 10 mpaka 14. M'masiku amenewa madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba kutuluka msanga komanso limataya mchere wochepa, ndipo mtima umayamba kugunda modekha pa ntchito yomweyo. Munthu akasiya kwa masabata angapo, phindu limeneli limayamba kuchoka.

Choncho kalabu yanzeru imagawa ntchito. Maulendo aatali ndi masiku a liwiro achitike mbandakucha, kuti pofika 9 koloko onse akhale atatsika kapena ali pamwamba pozizira. Kuzolowera dzuwa kukhale ndi nthawi yakeyake: kuyenda mofulumira kapena kuthamanga pang'onopang'ono kwa theka la ola, kenako kuwonjezera mpaka ola limodzi, pafupi ndi nyumba kapena pamalo pamene madzi ndi mthunzi zili pafupi. Kusakaniza zonse tsiku limodzi, mtunda wautali, chitunda, liwiro ndi dzuwa la paliwombo, ndi kumene kumagwetsa anthu.

Za madzi pali zolakwika ziwiri, ndipo zonse ndi zoopsa. Choyamba ndi cha amene amanyadira kuti iwo sanyamula botolo. Chachiwiri sichidziwika kwambiri: kumwa madzi opitirira muyezo, osadya kanthu, mpaka mchere wa m'magazi kusungunuka. Munthu wotere mutu umamupweteka, amachita mseru, amasokonezeka, ndipo anzake poganiza kuti ndi ludzu amamuwonjezera madzi ena, zimene zingamuphe. Madokotala atayeza othamanga pa Boston Marathon ya 2002 anapeza kuti 13 mwa 100 alionse amene anayezedwa anali ndi vutoli. Njira yabwino ndi kumwa molingana ndi ludzu, pang'onopang'ono, ndipo paulendo woposa maola awiri kudyako kanthu ka mchere. Sitikusowa zodula zochokera kunja. Paketi ya Thanzi ORS, mtedza wokazinga wothira mchere, nthochi ndi mbatata yophika zimagwira ntchito. Kalabu ikhoza kugula sikelo imodzi yokha, aliyense n'kumadziyeza asananyamuke ndiponso atabwera. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi, ndipo pakatha masabata ochepa aliyense amadziwa thupi lake, popeza anthu satuluka thukuta mofanana.

Ndinenepo pang'ono za mankhwala opha ululu, chifukwa ndaona ena akumeza brufen asananyamuke kuti maondo asapweteke. Mankhwala a mtundu umenewu, pathupi lopanda madzi okwanira limene likugwira ntchito yolemetsa, akhoza kuvulaza impso. Ndipo aliyense amene akabwera kuphiri aona mkodzo wake uli wakuda ngati tiyi wopanda mkaka apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Udindo waukulu wa kalabu uli pa munthu amene wayamba kusokonezeka. Kutopa wamba kumadziwika: munthu amafooka, amachita chizungulire, koma amayankha bwino mukamufunsa. Akayamba kuyankha zosagwirizana, kukwiya popanda chifukwa, kuyenda ngati woledzera kapena kugwa, muganize kuti kutentha kwa mkati mwa thupi kwafika madigiri 40 kapena kuposa, ndipo moyo uli pachiswe. Munthu wotere sangadziweruze yekha. Pa masewera a Commonwealth a 2018 ku Gold Coast, Callum Hawkins wa ku Scotland ankatsogola pa marathon kutatsala makilomita awiri okha, koma anagwa, n'kudzuka, n'kugwanso, akuyesabe kupitiriza. Mtima wake unali wolimba kuposa wa tonsefe, koma thupi linali litaleka kumumvera. Lamulo la madokotala a zamasewera ndi loti muziziritseni kaye, kunyamula kubwere pambuyo. Ngati pali dziwe kapena mtsinje pafupi, monga madziwe a m'mbali mwa Likhubula, mulowetseni m'madzi mpaka m'khosi mutamugwira mutu. Ngati palibe, mugonekeni pamthunzi, mumuvule zothina, mumuthire madzi thupi lonse, mumukute ndi zitenje zonyowa n'kumazisintha, uku ena akumupepeza ndipo wina akuitanitsa thandizo. Theka la ola loyamba ndi limene limapulumutsa munthu. Paphiri palibe ambulansi yofika pachitunda, ndiye chipatala choyamba ndi anzake amene ali naye.

N'chifukwa chake ndikuti kalabu iliyonse ikhale ndi munthu wotsekera kumbuyo, amene sadutsa wina aliyense ngakhale ulendo uchedwe bwanji. Ikhale ndi nthawi yobwererera yogwirizana musananyamuke, yosakambirananso panjira. Ndipo mtsogoleri akhale ndi mphamvu yobweza munthu pachiyambi pomwe: amene wangochira malungo, amene watsegula m'mimba, amene anagonera mowa. Onsewa amapsa msanga kuposa anzawo. Kumuuza mnzako kuti lero sukwera kumawawa, koma ndi chikondi.

Tisaiwalenso kuti phiri lomwelo limene limaotcha kunsi likhoza kuzizira pamwamba. Ku Mulanje nkhungu imatha kutsika mwadzidzidzi, ndipo munthu wonyowa ndi thukuta, wovala kamalaya kopyapyala, amayamba kunjenjemera m'mphindi zochepa. Mu Meyi 2021 ku Gansu m'dziko la China, othamanga 21 anamwalira pampikisano wa m'mapiri nyengo itasintha mwadzidzidzi, ambiri atavala zopepuka. Kajekete kopepuka m'chikwama sikalemera.

Kwa okonza mipikisano m'miyezi yotenthayi, pempho langa ndi lachindunji: yambani kunja kukungocha, ikani malo a madzi ndi zidebe zodzithirira pachitunda osati pomalizira pokha, ndipo perekani mphamvu kwa azaumoyo yoimitsa wothamanga aliyense, ngakhale amene akutsogola. Kwa inu atsogoleri a makalabu, Loweruka likubwerali musananyamuke funsani amene wanyamula madzi ndi chakudya, amene wadwala sabata ino, ndi amene atsekere kumbuyo. Ngati mafunso atatuwa alibe mayankho, gulu lisakwere phiri tsiku limenelo.