Tisanakwere basi ya ku nyanja, tiyambe tapangana za kogona

Thonje ndi soya zikangogulitsidwa, m'maparishi mwathu muyamba kumveka nkhani ya ulendo wa ku nyanja. Akwaya asonkha, amai a m'mabungwe asonkha, acinyamata nawo agulitsa nkhuku kuti asatsale. Ine sinditsutsa zimenezi. Munthu amene wawerama pa khasu kuyambira November mpaka May ayenera kupumulako, ndipo kwa ife a kuno kum'mawa Kariba ndi Mpulungu ndi kutali, pamene Senga Bay ku Salima ndi ulendo wa tsiku limodzi: kucoka pa Chipata, kudutsa pa Mwami, Mchinji ndi Lilongwe, makilomita osafika 300.

Cimene cindidandaulitsa ndi ici. Pa misonkhano yokonza ulendo tikangana maora awiri za mtengo wa basi, za mtundu wa citenje, za amene adzanyamula mapoto. Wina akafunsa kuti tikagona kuti, yankho ndi limodzi: "Tikaonera komweko." Abale anga, komwekoko ndiko ndalama za mlimi zikathera.

Ndinaziona ndekha. Caka cina ndinaperekeza kwaya ya anthu 32, pamodzi ndi atsikana asanu ndi awiri amene makolo ao anawapereka m'manja mwanga. Tinacedwa pa malire cifukwa awiri analibe mapepala okwanira, ndipo tinafika ku gombe dzuwa litalowa. Malo amene wapampando anawaona pa foni anali odzaza. Tinagogoda pa zipata zinai, ndipo pa cacisanu anatilandira pa mtengo umene mwini malo anaucha ataona kuti tatopa. Zipinda zinali kuseri kwa bala, nyimbo zinalira mpaka tambala woyamba, ndipo citseko ca atsikana cinalibe loko. Ndinagona pa mpando pakhomo pao. M'mawa msungicuma anawerenga zotsala, napeza kuti za cambo cimene tinabwerera zapita ku zipinda. Tinadya usipa, ndipo pobwerera m'basi munalibe woimba.

Kucokera pamenepo maganizo anga ndi akuti gulu lalikulu la parishi lisagone pagombe penipeni. Lipeze malo pa boma la Salima, kapena pa mishoni, ndipo ku madzi lizipita masana. Kucoka pa Salima kufika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20 cabe, basi munabwera nayo kale. Kawirikawiri zipinda za kutali ndi madzi n'zotsikirako mtengo, msika uli pafupi woti amai agule ndiwo ndi kuphika okha, cipatala cili pafupi, ndipo pa Sondo m'mawa simufunika kufunsa asodzi kumene kuli chalichi. Cacikulu koposa kwa ine n'cakuti usiku ana ali kutali ndi madzi. Mwana wa ku Chadiza kapena ku Vubwi amene anaphunzira kusambira pa dambo aganiza kuti nyanja ndi dziwe lalikulu. Sadziwa mwera, mphepo ya kum'mwera imene iomba m'miyezi yozizira ndi kuutsa mafunde amene ngakhale eni bwato awaopa. Ndipo miyezi yomweyo, July ndi August, ndiyo ife tiyenda, pakuti m'pamene tili ndi ndalama ndi masiku: Heroes ndi Unity pa Mande ndi Ciwiri coyamba ca July, ndi tsiku la alimi pa Mande yoyamba ya August.

Pali kanthu kena kamene ambiri aiwala. Pa 6 July anzathu a ku Malawi akumbukira ufulu wao wa 1964, ndipo pa 15 October ndi tsiku la anakubala, limene amai ambiri apita nalo ku nyanja. Mukafika masiku amenewo osalembetsa, mudzapikisana ndi Lilongwe yense.

Ndidziwa zimene ena anene: "Aphunzitsi, tasonkha kuti tikaone nyanja, osati kukagona pafupi ndi sitesheni ya mabasi." N'zoona, ndipo kuona dzuwa likutuluka m'madzi ku Senga Bay ndi cinthu cimene munthu saiwala. Kwa bambo ndi mai amene akwanitsa zaka 25 m'banja, ana awasonkhera, ndinena kuti pitani pagombe, lipirani cipinda cabwino masiku awiri, musacite manyazi. Kuli mahotela akulu monga Sunbird Livingstonia ndi malo ang'onoang'ono ambiri. Anthu awiri acikulire adziyang'anira okha. Koma anthu 30 a misinkhu yosiyana ndi nkhani ina, ndipo dzuwa lomwelo muliona mukadzuka 4 koloko ndi kukwera basi yanu.

Amene afunadi pagombe afunse mafunso asanatumize ngwee. Kodi bala ili patali bwanji ndi zipinda? Kodi amai ndi abambo ali ndi zimbudzi ndi mabafa osiyana? Muli maneti a udzudzu? Atilola kuphika tokha, kapena mbale iliyonse ndi yogula? Mtengo ndi wa cipinda kapena wa munthu mmodzi? Funso lomalizali lakhumudwitsa ambiri. Zithunzi za pa Facebook musazikhulupirire msanga, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo, ndiye cithunzi ca zaka zitatu zapitazo cingakuonetseni mcenga umene simudzaupeza monga unaliri. Ngati pali Mkhristu wa ku Lilongwe kapena ku Salima amene mudziwana naye, apite akaone ndi maso. Bambo Mfumu akalemba kalata kwa mnzao wa kumeneko, zambiri zifewa. Mtengo ulembedwe, ndipo ukhale wa masiku ano, cifukwa kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo mitengo yakhala ikusintha. Za amene anapita zaka zapita sizikuthandizani.

Malo amene ine ndiwakonda ndi Mua, kum'mwera kwa Salima pa mseu wopita ku Balaka, m'boma la Dedza. Si pagombe, koma nyanja siili kutali. Mishoni imeneyi anaitsegula Ansembe Oyera mu 1902, caka cimodzi asanatsegule Kachebere, amene tonse timudziwa pafupi ndi malire athu. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa pamenepo Kungoni, malo a zosemasema ndi zosunga miyambo, ndipo m'nyumba ya Chamare muli mbiri ya Acewa, Angoni ndi Ayao, ndi zigoba za gule wamkulu zambirimbiri. Mngoni wa kwa Mpezeni ndi Mcewa wa kwa Gawa Undi onse apezamo zakwao. Pali ndi zipinda za alendo, ngakhale gulu lalikulu liyenera kufunsiratu ngati likwana. Mwana wogona pa Mua abwerera ndi cina m'mutu kuposa mcenga m'nsapato.

Za kugona kwa acibale ndinenako pang'ono. Ambiri tili ndi amalume ku Malawi, ndipo sadzakana. Koma mlendo ndi mame akakhala mmodzi kapena awiri. Basi yathunthu pakhomo pa munthu ndi dzombe, itha nkhokwe ndi nkhuni, ndipo mai wa panyumbapo nyanjayo saiona konse.

Ku maiko a azungu, monga m'mbali mwa nyanja ya Geneva ku Switzerland, kuli minda ya mphesa yotsetsereka mpaka kumadzi, ndipo anthu asankha kogona poyang'ana kumene kuli vinyo wabwino. Ife vinyo timudziwa pa guwa ndi pa nkhani ya ku Kana. Cimene citipeza ku nyanja ndi mowa wa m'mabotolo, ndipo dalaivala ndiye woyamba kuitanidwa ku bala. Komiti imlipirire cipinda pamalo pomwe gulu ligona, makiyi a basi asunge wapampando. Munthu amene adzatikweza zitunda za pakati pa Salima ndi Lilongwe pa Mande agone tulo tokwanira pa Sondo.

Mapepala akonzedwe sabata isanafike. Kucokera mu December 2022 pa Mwami ndi Mchinji pali malo amodzi oonetsera ziphaso, ndipo zinthu zifulumirako, koma wopanda pasipoti ayambe wapita ku ofesi ya Immigration pa Chipata kukafunsa ngati pepala limene ali nalo limufikitsa ku Salima. Kwa ana, makolo alembe cilolezo. Nyamukani Ciweru mbandakuca kuti mukafike kukali kowala, muone zipinda musanatsitse katundu. Mukabwerako, amene anasamba m'madzi a bango akaona magazi m'mkodzo apite ku kiliniki, ndi likodzo, ndipo mankhwala ake alipo.

Ku mphakati wathu caka cino tagwirizana kuti msungicuma salandira ndalama ya basi kufikira komiti itawerenga pamaso pa onse dzina la malo ogona, mtengo wake ndi risiti ya cikole. Ena anyinyirika kuti ticedwa, ndipo mabanja awiri acoka kukalowa gulu la parishi ina limene linyamuka msanga.