Mbuzi ndi nkhosa si za chiwaya chokha

Alimi anzanga, tsiku la msika pa Msundwe mbuzi zimabwera zomangidwa panjinga ndipo pofika madzulo zambiri zimakhala zathera pachiwaya. Ine ndikuti pamenepa tikutaya chuma, chifukwa tikudziwa nyama yokha ya ziweto zathu, mkaka wake tikuunyoza.

Maganizo amenewa ndinawatola nditakacheza kwa banja lina m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama. Banjali lili ndi nkhosa za makolo zija za mchira wamafuta pamodzi ndi mbuzi m'khola la m'mwamba. M'mamawa mayi a pakhomopo anatsuka mawere a mbuzi ndi madzi ofunda, anakama, n'kusiyako wina woyamwa timbuzi. Mkaka wina anathira m'phala la ana. Wotsalawo anauwiritsa, n'kufinyiramo mandimu mpaka unagwirana, kenaka anausefa pa nsalu yoyera, anathira mchere ndi kuupsinja ndi mwala. Madzulo tinadyera mbatata. Ameneyo ndiye tchizi, chakudya chimene timangochiona m'masitolo a ku Lilongwe pa mtengo woboola m'thumba.

Nditafunsa ngati amakamanso nkhosa, bambo a pakhomopo anaseka. "Nkhosa zathuzi, achimwene, mkaka wake ngwokwanira mwana wake basi," iwo anatero. Apa ananena zoona. Nkhosa za makolo ngakhalenso za Dorper zochokera ku South Africa n'za nyama. Kumene tchizi wa nkhosa anatchuka amaweta mitundu ya mkaka. Ku France alimi a m'mapiri amakama nkhosa za Lacaune, ndipo tchizi wake wotchedwa Roquefort amakhwimira m'mapanga. Boma lawo linateteza dzinali ndi lamulo mu 1925. Mkaka wa nkhosa ngwokhathamira kotero kuti malita 5 kapena 6 amatulutsa kilogalamu imodzi ya tchizi, pamene wa ng'ombe pamafunika malita pafupifupi 10.

Tsono ine sindikunena kuti tigulitse chimanga kukasaka nkhosa za ku Ulaya, ayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mbuzi tili nazo kale m'makomo ambiri, ndipo mbuzi ya makolo ikakweredwa ndi tonde wa mtundu wa mkaka monga Saanen, ana ake aakazi amatulutsa mkaka wochulukirapo. Imafuna msipu wabwino, masamba a lukina, madeya ndi madzi okwanira.

Ena amati mkaka wa mbuzi umanunkha. Fungo limadza tonde akamagona khola limodzi ndi mbuzi zokamidwa, kapena chiwiya chikakhala chosatsuka. Ena amati ndi manyazi munthu wamkulu kugwada pansi pa mbuzi. Nanga manyazi aakulu ndi ati, kukama mbuzi kapena kunyamula mwana wotupikana kupita naye kuchipatala mkaka uli m'khola?

Chenjezo langa ndi limodzi. Mkaka wosawiritsa umafalitsa matenda kuchokera ku ziweto kupita kwa anthu, choncho uwiritseni nthawi zonse, ndipo tchizi wotereyu adyedwe pasanathe masiku awiri kapena atatu popeza ambirife tilibe firiji.

Safunsa anadya phula. Pitani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu mukafunse kumene mungapeze tonde wa mkaka, ndipo ngati ndalama zikuchepa, sonkhani pa kalabu mugule mmodzi. Mbuzi yogulitsa imadyetsa banja sabata imodzi, koma yokama imadyetsa mwana miyezi ingapo ndipo imatsalabe m'khola.