Suti imabisika m'gauni

Mwezi watha ndinaperekeza amayi ndi achimwene ku Blantyre kukagula suti yovala polandira digiri. M'sitolo ina m'tauni mtengo wake unafanana ndi ndalama zonse zimene amayi anapeza atagulitsa mtedza. Amayi anangoti chete, n'kuyamba kumasula mfundo ya chitenje. Achimwene anawagwira dzanja: "Amayi, tiyeni ku Limbe."

Pa kaunjika tinapeza jekete lakuda labwinobwino, telala n'kubweza manja, basi. Ndalama zotsala tinakwerera minibasi kukaona Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amayi ankangochimva, tsikulo anasisita njerwa zake ndi manja awo.

Anzanga, tikunyanya. Makolo avutika kale ndi fizi zaka zinayi, ndiye tiwalowetsenso m'katapila chifukwa cha chovala chobisika m'gauni? Ena amati suti yodula idzathandiza pofunsira ntchito, koma kumeneko amayang'ana ukhondo ndi mayankho, osati risiti.

Kumudzi amayi akusimbabe za njerwa zija. Za suti sanatchulepo.