ALOE VERA: YAMBANI MWAYESA MUSANADZOLE

M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chimaumitsa khungu ndi kung'amba zidendene, anthu ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje amathamangira aloe vera. Ena amabzala chomerachi pakhomo, ena amagula mafuta odzola osakaniza nacho. Iwo amati n'chachilengedwe, choncho sichingavulaze munthu. Maganizo ameneŵa ndi olakwika. Chitedze ndi nkhadze nazonso n'zachilengedwe, koma palibe mayi amene angadzoze mwana wake utomoni wa nkhadze.

Tsamba la aloe vera lili ndi zinthu ziŵiri. M'kati muli mnofu woterera, woonekera ngati madzi, umene umaziziritsadi khungu louma kapena lopsa pang'ono ndi dzuŵa. Koma pansi pa khungwa pali madzi achikasu oŵaŵa, okhala ndi mankhwala otchedwa aloin, amene angayambitse kuyabwa ndi zidzolo. Madziŵa ndi amphamvu, ndipo m'chaka cha 2002 boma la America linaŵachotsa m'gulu la mankhwala otsegula m'mimba ogulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Ndipotu alipo anthu ena amene ngakhale mnofu womwewo sugwirizana ndi khungu lawo.

Tsono tichite chiyani? Mukadula tsamba, liimikeni kuti madzi achikasu ayambe atha kudontha, kenaka lisendeni ndi kutsuka mnofuwo ndi madzi aukhondo. Pakani pang'ono m'kati mwa mkono ndipo dikirani masiku aŵiri. Pakayabwa, pakatupa kapena pakatuluka matuza, sambani pomwepo ndipo musadzolenso. Khanda musaliyese n'komwe, pakuti khungu lake ndi lanthete.

Kumbukiraninso kuti aloe vera si mankhwala a mphere kapena zipere. Iye angachepetse kuyabwa, koma tizilombo timatsala, ndipo nthendayo imafalikira banja lonse. Mwana akapsa ndi moto kapena phala, thirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yochapa bwino, ndipo thamangirani naye kuchipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje. Abale athu achialubino adziŵe kuti chomerachi sichiteteza khungu ku dzuŵa. Iwo afunika chipeŵa, malaya a manja aatali ndi mafuta ake oteteza.

Sindikunena kuti tizule aloe vera pakhomo, ayi. Ndikunena kuti tizimutenga monga mankhwala ena onse, okhala ndi muyeso ndi malire. Mukakayika, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, pakuti safunsa anadya phula.